Theyyam Ndinamufuna Kawiri: Ulendo Woyamba Anandidyera Ndalama, Wachiwiri Ndinapsa Phazi

Kwathu ndi ku Dedza, pamudzi pamene ng'oma ikalira kudambwe ngakhale mwana wamng'ono amadziwa poima ndi posaima. Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa zimene ndinalakwitsa ku India ndi zomwe zija tinkaseka nazo alendo akafika pamudzi n'kumafunsa kuti gule ayamba nthawi yanji, tikiti ndi ndalama zingati. Ndinkaganiza kuti mwana wa Achewa sangapuse choncho pa miyambo ya eni. Ndinapusa, kawiri konse.

Ndinapita ku Bengaluru kumapeto kwa 2021 kukaphunzira za makompyuta. M'kalasi mwathu munali mnyamata wina wochokera ku Payyanur, kumpoto kwa dera la Kerala, ndipo tsiku lina anandionetsa kanema pafoni. Munthu wofiira nkhope yonse, maso ozunguliridwa ndi utoto wakuda, kumutu atasenza chinthu chachitali kuposa denga la nyumba, akuzungulira pabwalo ng'oma zikusweka. Thupi linachita tsemwe. Ndinati, "Amwene, kodi nanunso muli ndi gule wamkulu?" Iye anaseka n'kunena kuti dzina lake ndi Theyyam, ndipo amachitika m'maboma a Kannur ndi Kasaragod. Sindinafunse zambiri. Mumtima ndinangotsimikiza kuti tchuthi chikubwerachi ndikadzionere ndekha.

Tchuthicho chinagwa mu Julayi 2022. Mnzanga uja anali atapita kwa achibale ake ku Dubai, ndipo ine ndinachita manyazi kumuvutitsa ndi mafunso. Ndinasaka pa intaneti n'kupeza tsamba la munthu wina wokonza maulendo, lodzaza ndi zithunzi zokongola za Theyyam. Ndinamulembera, anayankha msangamsanga, n'kunena kuti zonse zitheka: galimoto yondinyamula ku Kannur, wondiperekeza wodziwa Chingelezi, ndi malo okhala kutsogolo. Mtengo wake marupi 7,500, kulipiriratu. Kwa mwana wasukulu imeneyo inali ndalama yodyera pafupifupi mwezi wathunthu, koma ndinatumiza usiku womwewo kudzera pa UPI, njira ya ku India yotumizira ndalama pafoni. Mawu akuti "malo okhala kutsogolo" akanayenera kundidzutsa. Kodi kubwalo la gule kuli mipando ya manambala?

Ndinakwera basi ya usiku yodzera ku Mysuru, kutsika mapiri a ku Coorg, tikiti marupi 1,100. Tinafika ku Kannur m'mamawa mvula ikukhuthuka ngati wina watsegula mpopi kumwamba. Ku Kerala mvula yaikulu imayamba cha kumayambiriro kwa Juni n'kupitirira mpaka Sepitembala, ndipo si mvula yathu ija yogwa masana n'kukata. Ndinaima pakhonde la sitolo maola awiri ndikuimba foni. Atayankha, mkulu uja anati mwambo walephereka chifukwa cha mvula, koma ndisadandaule, wandisungira malo pachionetsero china ku Kochi mawa madzulo, ndipo Theyyam alipo. Anayankhula ngati Kochi ndi kuseri kwa msika. Ndi ulendo wa maola asanu kapena asanu ndi limodzi pasitima.

Apa ndinene za sitima, poti zinandipweteka. Ndinagula tikiti pafoni, inatuluka ndi zilembo WL ndi nambala. Ndinkaganiza kuti imeneyo ndi nambala ya mpando. Ayi, zikutanthauza kuti uli pamndandanda wa odikira, ndipo ngati anthu okwanira sanabweze matikiti awo, ulibe malo. Tikiti yogula pa intaneti ikakhalabe pa WL imafa yokha, ndalama n'kubwezedwa patapita masiku. Ndinadziwa zimenezi ndili kale pasiteshoni. Ndinagula ina yotchipa ya m'mabogi a aliyense, ndipo ndinaima njira yonse mpaka ku Ernakulam, siteshoni ya ku Kochi, chikwama chonyowa pakati pa miyendo.

Chionetsero cha ku Fort Kochi chinali m'kaholo kakang'ono, owonera ambiri azungu. Sindikufuna kuchinyoza chonse, chifukwa gule wina wa ku Kerala wotchedwa Kathakali amene ndinaona kumeneko ananditsegula maso. Amalola kuti ufike ola limodzi gule asanayambe n'kuonerera ovina akudzola nkhope. Wina anagona chagada mnzake akumumata chinthu choyera chozungulira nsagwada, chopangidwa ndi phala la mpunga ndi mapepala. Anatifotokozera kuti nkhope yobiriwira ndi ya mfumu kapena ngwazi ya mtima wabwino, yobiriwira yodulidwa ndi mzere wofiira wonga mpeni ndi ya mfumu yodzikuza, ndevu zofiira ndi za wankhanza. Ovina sayankhula. Nkhani yonse imanenedwa ndi zala, pogwiritsa ntchito zizindikiro 24 zoyambira, komanso ndi maso ndi nsidze, pamene oimba ali kumbuyo. Amaika kanjere kena m'diso kuti lifiire. Anthu amaphunzira zimenezi zaka zambiri, ena kusukulu ya Kerala Kalamandalam imene anaiyambitsa mlakatuli Vallathol Narayana Menon mu 1930. Kathakali ndi zisudzo ndithu, anapangidwira kuti anthu akhale pansi n'kuonera, ndiye kumugulira tikiti palibe cholakwika, ngakhale kuti sewero lenileni limatha kuchezera usiku wonse pamene ife anatipatsa kachidutswa chabe.

Kenako anati tsopano Theyyam. Mnyamata wina anatuluka atavala zofiira, ng'oma zikuchokera m'masipika, anazungulira mphindi khumi, anawerama, anthu anaomba m'manja, magetsi anayaka. Basi. Ndinamva ngati mmene ndimamvera ndikaona ana asukulu atavala masaka n'kumati ndi gule pa tsiku lopereka mphotho. Tikiti ya pakhomo inali marupi 500. Ine ndinali nditalipira 7,500.

Ndinalimbana ndi mkulu uja milungu itatu pa WhatsApp. Anabweza 2,000 yokha, kenako ananditseka. Nditawerengera basi, sitima, malo ogona masiku awiri, chakudya ndi ambulera, ulendo wonsewo unandidyera marupi oposa 12,000. Mwezi wotsatira ndinkadya mpunga ndi msuzi wa mphodza kawiri patsiku, ndipo kunyumba sindinauze aliyense.

Mnzanga atabwerako ndinamufotokozera. Anagwira kumutu. "Chetta, bwanji osandifunsa?" Chetta ndi mmene amaitanira mkulu wako wamwamuna m'Chimalayalam, chiyankhulo cha ku Kerala, ndipo ankanditchula choncho poti ndinali wamkulu kwa iye ndi zaka zitatu. Anandiuza kuti Theyyam ali ndi nyengo yake. Amayamba pa tsiku lakhumi la mwezi umene pakalendala yawo amautcha Thulam, cha kumapeto kwa Okutobala, n'kutha cha kumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni. Miyezi imene amachuluka ndi kuyambira Disembala mpaka Malichi. Mu Julayi mabwalo amakhala otseka. Chimene chimaoneka nthawi imeneyo ndi tiana tovala ngati Theyyam toyenda nyumba ndi nyumba m'midzi ina kuthamangitsa matenda ndi minyama ya nyengo ya mvula. Ndiye mkulu uja ankadziwa bwino lomwe kuti palibe mwambo umene walephereka, chifukwa panalibe umene unakonzedwa.

Chimene chinandiwawa koposa ndi ichi. Pamtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera pamene ndinaima ndikunyowa paja, pali kachisi wa mulungu wotchedwa Muthappan ku Parassinikadavu, m'mbali mwa mtsinje wa Valapattanam, kumene Theyyam amachitika tsiku ndi tsiku ngakhale nyengo ya mvula. Amalandira munthu wa mtundu uliwonse ndi chipembedzo chilichonse, ndipo palibe tikiti. Ndikanakwera basi ya marupi ochepa chabe. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya phula la marupi 12,000.

Mu Febuluwale 2023 mnzanga anandiitanira kwawo. Banja lina la m'mudzi mwawo linali ndi kaliyattam, ndiye kuti mwambo wa pachaka wa Theyyam, pa kachisi wa pabanja pawo. Miyambo yambiri imachitikira m'malo otere, kapena m'timisitu topatulika totchedwa kavu, osati m'makachisi akuluakulu a m'tauni. Masiku ake amawerengedwa pa kalendala ya Chimalayalam, choncho pa kalendala yathu amasuntha pang'ono chaka ndi chaka. Njira yodalirika yodziwira ndi kufunsa munthu wa kumeneko, kapena kuwerenga zikwangwani zimene amakhoma m'misewu, ngati muli ndi wokuwerengerani.

Tinafika Lachisanu masana. Mayi a mnzanga anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi n'kunena china chake. Iye anamasulira: "Amma akuti jezi ya mpirayo uvule, nayiloni ndi moto sizigwirizana." Anandibwereka malaya a thonje ndi nsalu yoyera yomanga m'chiuno yotchedwa mundu. Lero ndikaganiza za jezi ija ndimawathokoza mayiwo.

Madzulo kunayamba thottam. Wovina amatuluka asanavale zonse, nkhope yodzola pang'ono, n'kuima kutsogolo kwa kachisi akuimba mbiri ya mulungu amene adzamuvale: anabadwira kuti, anazunzidwa bwanji, anafa bwanji, anakhala bwanji mulungu. Apa ndi pamene ndinayamba kumvetsa. Mitundu ya Theyyam ilipo yoposa 400, ndipo ambiri mwa iwo anali anthu, ena ophedwa mopanda chilungamo, ena akazi onamiziridwa, ena ngwazi za nkhondo. Ovina amachokera m'mafuko monga Vannan ndi Malayan, amene kalekale ankaonedwa ngati apansi, osayenera kuyandikira nyumba za olemera. Koma akavala Theyyam, eni malo ndi akuluakulu onse amawerama pamaso pawo. Ntchitoyi ndi ya chibadwa, ndipo nyengo ikatha ambiri amabwerera kokayendetsa galimoto, kukumba zitsime kapena kugwira maganyu.

Kusiyana ndi kwathu kunandidabwitsa. Kwathu wovina gule sadziwika, ndi chilombo chochokera kumanda, ndipo wosameta sayandikira kumene zilombo zimavalira. Kumeneko aliyense amadziwa dzina la wovina, bambo ake, ndi agogo ake amene ankavina mulungu yemweyo. Povalira pake ndi kachisakasa ka masamba a kokonati pambali pa bwalo, ndipo ndinaloledwa kuima chapatali n'kumaona. Anagona pamphasa maola angapo wina akumujambula nkhope ndi kamtengo kakang'ono, timizere tosaoneka bwino ukakhala patali. Atamumanga zonse anamukhazika pampando, anamusenzetsa chisoti chachikulu chija chotchedwa mudi, n'kumupatsa kalilole. Anadziyang'ana. Miyendo inayamba kunjenjemera, maso anatong'oka, ng'oma za chenda zinakwera. Mnzanga anandinong'oneza kuti kuyambira pamenepo sakumuonanso ngati munthu wa m'mudzi wapafupi, mulungu wafika.

Pamenepo ndinalakwitsa koyamba usiku umenewo. Ndinadumphira kutsogolo ndi foni, n'kuima pakati penipeni pa Theyyam ndi khomo la kachisi, nyali ya foni ikuwala. Bambo wina wachikulire anandigwira mkono n'kundikokera kumbali mwamphamvu, osanena kanthu. Anthu anandiyang'ana. Ndinafuna nthaka inditsegukire. Njira ya pakati pa Theyyam ndi kachisi sadutsamo munthu, nsapato zimasiyidwa kunja kwa bwalo, ndipo kujambula kumafunika kupempha kwa eni mwambo, opanda nyali yowala kumaso kwa wovina. Ena amaloleza, ena amakaniza. Zonsezi mnzanga anali atandiuza m'basi, ine maganizo ali pa kanema amene ndikaike pa Facebook.

Kenako kunali kudikira. Anati Theyyam wa moto atuluka cha m'ma 2 koloko usiku. Inakwana 2, inakwana 3, anthu akungocheza, ana akugona pa nsalu za amayi awo, ogulitsa mabaluni ndi tiyi akuyendayenda. Chakudya chinali chaulere kwa aliyense wofika, mpunga ndi ndiwo pa tsamba la nthochi. Nthawi yolembedwa pachikwangwani ndi yongoyerekeza, choncho musalonjezane ndi woyendetsa auto (kagalimoto ka hayala ka matayala atatu) kuti adzakutengeni ola lakutilakuti, ndipo tengani kansalu kofunda chifukwa mbandakucha kumazizira. Pakati pa bwalo mulu wa nkhuni umene anauyatsa madzulo unali utasanduka phiri la makala ofiira. Kutentha kwake kunkafika pamene ndinakhala, mwina mamita khumi kuchokera pamenepo.

Amene tinkadikira anali Pottan Theyyam. Bambo a mnzanga anandifotokozera nkhani yake tikumwa tiyi. Amati mulungu Shiva anadzisandutsa munthu wa fuko lonyozeka n'kuima panjira imene pankadutsa mphunzitsi wamkulu Shankaracharya. Mphunzitsiyo anamuuza kuti apatuke kuti asamudetse. Iye anakana, n'kumufunsa kuti ngati onse awiri atachekedwa, magazi sangatuluke ofanana? Mawu amenewo amaimbidwa mpaka lero pamaso pa anthu a mafuko onse. Pottan savala nkhope yojambula bwino ngati enawo, amavala chigoba, thupi lonse lokutidwa ndi masamba anthete a kokonati, ndipo ndi wanthabwala, wonyoza, woseketsa anthu kwinaku akuwauza zowawa. Amene anaonapo gule akudzudzula mfumu kapena mpongozi pabwalo anthu n'kumafa ndi phwete amvetsa zimene ndikunena.

Anatuluka itadutsa 4 koloko. Anavina ndi nsakali za masamba ouma zikumuunikira, kenako anapita pa mulu wa makala uja n'kugonapo chagada, mwendo pa mwendo, ngati munthu wopumula pakhonde. Omuthandiza ankamukoka, iye n'kubwererapo. Mnzanga anati akudandaula kuti akumva kuzizira. Anthu ankaseka, ena akulira, utsi wa masamba aawisi uli tolo. Ine manja ankanjenjemera.

Ndiye ndinalakwitsa kachiwiri. Manyazi aja anali atatha, mtima wa kanema unabwerera. Ndinaona mpata kumbali ina kumene kunalibe anthu, osadzifunsa chifukwa chake kulibe anthu. Ndinazungulira mumdima, wopanda nsapato, maso ali pafoni. Kumeneko n'kumene makala ankagwera akamamukoka wovina. Ndinaponda ndi phazi lamanzere, khala lina linakanirira pakati pa zala, ndipo podumpha ndinapondanso ena. Ndinakuwa m'Chichewa, "Mayo ine!" Foni inagwa.

Anyamata awiri anandinyamula kupita kuchitsime kuseri kwa nyumba. Wina anabwera ndi mankhwala otsukira mano kuti andipake, mayi a mnzanga anamukalipira n'kuyamba kundithira madzi, ndowa pa ndowa, kwa mphindi pafupifupi 20. Pambuyo pake adokotala anati chimenecho n'chimene chinapulumutsa phazi kuti lisafike poipa: madzi ozizira oyenda kwa nthawi yaitali, osapaka mafuta, mankhwala a mano kapena ayisi, ndipo matuza osawaphulitsa. Kwathu tikanathamangira dzira kapena mafuta ophikira. Musatero.

Kutacha, Theyyam anakhala pampando wake anthu atandanda pamzere. Aliyense ankamuuza mavuto ake, matenda, ngongole, mwana wosowa ntchito, ndipo iye ankawagwira dzanja, kuwayankha, n'kuwapatsa ufa wa chikasu kuti adzole pamphumi. Iwo ankaika ndalama pang'ono m'dzanja lake, monga timasupira kwathu. Anthu anamuuza za mlendo wopsa phazi, ndipo anatuma uthenga kuti ndibwere. Apa mtima unagawanika. Ine ndinakulira mumpingo, ndipo agogo anga anavutikapo ndi nkhani ya mpingo ndi dambwe. Ndinauza mnzanga kuti ndipita kukapereka ulemu koma sindidzola pamphumi. Iye anati palibe amene angandikakamize. Ndinapita ndikutsimphina nditatsamira paphewa pake. Pottan anandiyang'ana kudzera m'chigoba chija, ananena mawu angapo, bwalo lonse linaseka. Kumasulira kwake: iye wagona pamoto usiku wonse osadandaula, ine kungoulawa ndi chala ndadzutsa mudzi wonse. Ndinaseka nawo misozi ili m'maso. Ufa uja ndinaulandira ndi manja awiri n'kuupereka kwa mayi a mnzanga. Ngati muli ndi malire a chikhulupiriro chanu, auzeni okuperekezani zinthu zisanayambe. Ndinaona kuti eni ake sakhumudwa ndi zimenezo. Chimene chimawakhumudwitsa ndi kudutsa posayenera ndi kuwalitsa nyali kumaso kwa mulungu wawo.

Kuchipatala chaching'ono cha m'tauni anandilipiritsa marupi 1,400 tsiku loyamba, kuphatikizapo jakisoni wa kafumbata, mankhwala opaka ndi mapiritsi. Anandifunsa pasipoti, ndipo mwamwayi ndinali nayo pamodzi ndi chikalata changa chokhalira m'dzikomo. Musazisiye zimenezi mukamayenda, chifukwa ngakhale malo ogona amazifuna kwa mlendo wakunja. Basi imene ndinalipiriratu ya Lamlungu inapita popanda ine. Ndinakhala kwa mnzanga masiku asanu, mayi ake akundiphikira ngati mwana wawo, ndipo atandiona ndikukankhira pambali ndiwo za tsabola anayamba kundiphikira zanga zapadera osandifunsa. Pobwerera ndinafuna pogona m'sitima kuti phazi likhale m'mwamba, ndiye tinagula tikiti ya tatkal, imene imatsegulidwa tsiku limodzi ulendo usanachitike, yokwera mtengo, ndipo imatha m'mphindi zochepa. Mnzanga ndi mlongo wake anakhala ndi mafoni awiri kudikira nthawi yotsegulira kuti aipeze.

Ku Bengaluru ndinkapita kukasinthitsa bandeji masiku awiri alionse kwa milungu itatu, marupi 250 ulendo uliwonse, kuwonjezera auto poti sindinkatha kukwera basi. Ndinajomba masiku asanu ndi anayi. Sukulu yathu inkafuna kuti munthu apezeke m'kalasi masiku 75 pa 100 alionse kuti aloledwe kulemba mayeso, ndipo paphunziro lina ndinatsikira pansi pa mlingowo. Ndinayenda m'maofesi ndi kalata ya adokotala milungu iwiri asanandilole. Galasi la foni linasweka, kukonzetsa marupi 2,200. Ulendo umene mwambo wake unali waulere, chakudya chaulere, pogona paulere, unathera pa marupi pafupifupi 9,000.

Ndisanachoke ku India ndinapitanso ku Kannur, ulendo uno ku Parassinikadavu. Ndinafika mbandakucha, ndinavula nsapato, ndinaima pamene panaima anthu ena, foni ili m'thumba. Muthappan nsembe zake ndi nsomba zouma ndi uchema, ndipo agalu amangoyendayenda m'kachisimo popanda wowathamangitsa chifukwa amati ndi anzake oyenda nawo. Aliyense wofika amapatsidwa nyemba zowiritsa, kachidutswa ka kokonati ndi tiyi. Ndinakhala maola atatu. Ndinalipira basi yokha.

Kanema wa usiku uja ndikadali naye. Ndi wa masekondi khumi ndi limodzi: moto pang'ono, kenako thambo lakuda, nthambi za kokonati, ndi mawu anga ndikuitana mayi. Ndinawatumizira achimwene anga ku Dedza patatha chaka. Anandiimbira foni akuseka mpaka kutsokomola, n'kundifunsa kuti kodi kumeneko kunalibe wondiuza kuti kumbali kopanda anthu sapitako.